Kamera yanga ya pulasitiki ikungondithera filimu: ndiitaye kapena ndipitirize?

Wowerenga wina watilembera motere: "Kwathu ndi ku Dedza koma ndimagwira ntchito ku Cape Town. Miyezi iwiri yapitayo ndinagula kamera ya pulasitiki yolembedwa kuti Holga 120N pa msika wa zinthu zakale, nditakopeka ndi zithunzi zomwe mnzanga anapachika pakhoma kunyumba kwake. Ndinagula filimu imodzi ya kalala, ndinajambula, ndinakatsukitsa, koma zomwe ndinalandira zinandigwetsa mphwayi. Mwa zithunzi 12, ziwiri zilibe kanthu, zinayi zotsatizana zikuoneka ngati ndinkanjenjemera, zitatu zili ndi malawi ofiira m'mbali, china chili ndi anthu awiri osanjikizana, ndipo zonse ndi zakuda m'makona. Zooneka ndi ziwiri zokha, ngakhale kuti chimodzi mwa izo, cha mnzanga ataima pagombe, ndimachikonda kuposa zonse za m'foni yanga. Kodi anandigulitsa kamera yakufa? Filimu ndi yodula, ndipo mu Disembala ndikupita kumudzi kumene ndimafuna kukajambula agogo anga aakazi. Ndipitirize, kapena ndingoiika pa shelefu ikhale chokongoletsera nyumba?"

Achemwali, mtima ukhale m'malo. Malinga ndi zomwe mwafotokozazi, sindikuona chizindikiro chilichonse choti kamera yanu ndi yakufa, ndipo sindikukhulupirira kuti amene anakugulitsaniyo anakuyendani pansi. Ine ndinayamba ntchito imeneyi nthawi yomwe wojambula ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi, anthu n'kulipira theka la ndalama, n'kudikira sabata ziwiri kuti zithunzi zibwere kuchokera kutauni, ndipo ndinali nditazolowera makamera achitsulo okhala ndi mabatani ambirimbiri, komabe ulendo woyamba kugwira Holga ndinatuluka ndi zithunzi zitatu zokha zoti n'kuonetsa munthu. M'kalata yanu mwasakanikirana zinthu ziwiri zomwe tiyenera kuzilekanitsa. Pali zolakwika zimene zachokera m'manja mwanu, ndipo izi zimatha mukangodziwa gwero lake. Palinso khalidwe lobadwa nalo la kamerayi, lomwe silidzasintha, ndipo ndi lomwelo limene lachititsa kuti chithunzi cha pagombe chija chikukomereni m'maso.

Ndi bwino kudziwa kaye chinthu chomwe mwagwira. Holga inapangidwa ku Hong Kong kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi munthu wotchedwa T. M. Lee, cholinga chake chili choti mabanja wamba a ku China, kumene filimu ya 120 (mtundu wa filimu yaikulu yomwe kamera yanu imagwiritsa ntchito) inali yofala, apeze kamera yotsika mtengo yojambulira ana ndi zochitika za pakhomo. Filimu yaing'ono ya 35mm itafala kumeneko, kamerayi inasowa msika kwawo, koma inatoledwa ndi aphunzitsi a luso la zojambula ndiponso ojambula odziwika a ku America ndi ku Ulaya, amene anakonda zomwe ena ankaziona ngati zilema. Inali ndi mkulu wake wotchedwa Diana, kamera yomwe inkapangidwa ndi Great Wall Plastic Factory ku Kowloon, ku Hong Kong komweko, m'zaka za m'ma 1960, yotsika mtengo kwambiri moti ambiri ankaiyesa chidole cha ana. Mtolankhani wa zithunzi David Burnett anagwiritsa ntchito Holga kujambula Al Gore, yemwe ankapikisana nawo pa upulezidenti wa America, pa nthawi ya kampeni ya mu 2000, ndipo chithunzicho chinalandira mphoto. Fakitale inasiya kupanga makamerawa mu 2015, koma anthu anawafuna kwambiri moti patapita zaka ziwiri anabwereranso m'masitolo. Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti simunatole chinyalala.

Mkati mwake mulibe zambiri. Galasi la kutsogolo ndi kachidutswa kamodzi ka pulasitiki ka mamilimita 60. Kachitseko kolowetsa kuwala, kamene ojambula timakatchula kuti shutter, kamayendera kasipuling'i ndipo kali ndi liwiro limodzi lokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Pamwamba pa galasi pali kabatani ka dzuwa ndi mitambo kosinthira kukula kwa kabowo kolowera kuwala, koma kusiyana kwake n'kochepa, ndipo pa makamera ena akale kabataniko sikasintha kanthu kwenikweni. Foni yanu imayeza kuwala, mtunda ndi mtundu wa nkhope musanadine n'komwe, kenako n'kukonza zolakwika zanu mwakachetechete. Holga sichita chilichonse mwa zimenezi. Imaphethira mofanana masana ndi madzulo, panja ndi m'nyumba, choncho ntchito yonse yoweruza kuwala yabwerera kwa inu.

Tisanapite patali, ndikupempheni chinthu chimodzi. Simunanene ngati a kumalo otsukira zithunzi anakubwezerani manegetivu, kutanthauza filimu yanu yotsukidwayo, kapena anangokutumizirani zithunzi pa foni monga ambiri akuchitira masiku ano. Ngati sanakupatseni, pitani mukawatenge asanawataye, chifukwa negetivu ndi mboni yomwe siinama. Muiyang'anire pazenera masana, mutaigwira m'mbali ndi manja oyera. M'mphepete mwake muona timalemba ndi timanambala, tosonyeza dzina la filimu, tomwe tinaikidwa kufakitale ndipo timaonekera pokhapokha filimu ikatsukidwa bwino. Ngati timalembato tikuoneka bwinobwino koma malo a chithunzi ali mbee, ndiye kuti otsuka alibe mlandu, kuwala sikunafike pa filimu. Ngati filimu yonse ili mbee mpaka timalemba tosaoneka, vuto lili ku mankhwala otsukira, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula. Ngati yonse ndi yakuda bii, ndiye yomwe timati yapsa, kutanthauza kuti inaona kuwala kamera itatseguka kapena potulutsa. Zaka zapitazo situdiyo ina inanditsukira filimu ya chinkhoswe ndi mankhwala otha mphamvu, n'kumandiuza kuti kamera yanga ndi yoipa. Chimene chinandipulumutsa pa mkanganowo ndi timalemba ta m'mphepete tomwe tinatuluka tofooka ngati zithunzi zomwe.

Zithunzi ziwiri zopanda kanthu zija, ndikukayikira chotsekera galasi. Pa Holga kazenera kosuzumira ndi kapadera, sikaona kudzera pa galasi lojambulira, choncho mungathe kuona zonse bwinobwino, kudina, kumva kaphokoso kakuti tche, chotsekera chili chitsekere. Ojambula ambiri amene amagwiritsa ntchito kamerayi anataya chotsekeracho kalekale, ndipo inenso changa chili m'dirowa. Mwinanso munajambula m'chipinda kapena dzuwa litalowa, pomwe kuwala sikukwanira pa liwiro limodzi lija. Negetivu ikuuzani: ngati pali tizithunzithunzi tofooka, monga babu kapena zenera lokha, kunali mdima, koma ngati palibiretu kanthu, chinali chotsekera, kapena munapukusa filimu kupitirira nambala osajambula.

Zinayi zonjenjemera n'zimene zandiuza zambiri, makamaka chifukwa mwanena kuti n'zotsatizana. Tembenuzani kamera muyang'ane kunsi kwa galasi, muona kabatani kotsetsereka kokhala ndi zilembo N ndi B. Pa N kachitseko kamatseguka n'kutsekeka kokha mwachangu. Pa B kamakhala kotsegula nthawi yonse yomwe chala chanu chapanikiza, ndipo ngakhale mutadina mofulumira bwanji, nthawiyo ndi yaitali kwambiri kwa kamera yogwira m'manja. Kabatani kameneka kamasuntha kokha m'chikwama. Mukaona kuti manegetivu anayiwo ndi akuda kwambiri kuposa anzake, ndipo zinthu zili ndi mizere ngati zakokedwa, musafunsenso kwina, kanali pa B. Mankhwala ake ndi kachidutswa ka tepi komata kabataniko pa N. Koma ngati zithunzizo zilibe mizere yokokeka, zangokhala zofewa ngati mukuyang'ana m'nkhungu, ndiye kuti vuto ndi mtunda. Pa galasi pali tizithunzi tinayi: munthu mmodzi ndi pafupifupi mita imodzi, anthu atatu ndi mamita awiri, gulu la anthu ndi mamita 6, ndipo phiri ndi kuyambira mamita 10 kupita kutali. Chilichonse choyandikira kuposa mita imodzi sichidzaoneka bwino. Ine ndinadziyeza mkono ndi phazi langa kuti ndizidziwa mtunda popanda tepi yoyezera, ndipo ndikulangizani kuchita chimodzimodzi pabalaza panu tsiku lina mukapuma. Dziwaninso kuti chodinira chili pambali pa galasi ndipo n'cholimba, moti chimapendeketsa kamera yopepukayi. Muzitsamiritsa kamera pamphumi, zigongono zitakhudza nthiti, n'kudina pang'onopang'ono mutagwira mpweya.

Tsopano malawi ofiira aja, omwe ndi nkhani yaikulu pa kamera iliyonse ya mtundu umenewu. Kumeneko ndi kuwala kolowa mozemba. Pa filimu ya kalala, kuwala kolowera kumbuyo kumatuluka kofiira kapena kofiirira chifukwa kumadutsa kumsana kwa filimu kusanafike pomwe pali chithunzi, pamene kolowera kutsogolo kumakonda kutuluka koyera. Makomo ake ndi atatu. Loyamba ndi mpata wa pakati pa thupi la kamera ndi chivundikiro chakumbuyo, chomwe chimagwidwa ndi tizitsulo tiwiri totsetsereka, pomwenso pamamangiriridwa chingwe chokolekera m'khosi. Tizitsulo timeneti n'tosadalirika. Tsiku lina ndikutsika minibasi, chingwe chinakodwa pampando, kachitsulo kanatsetsereka, chivundikiro chinagwera pansi filimu ili pa nambala 9, dzuwa lili pamutu, ndipo zithunzi za tsiku lonse zinapsa ndikuona. Kuyambira pamenepo ndimamata tizitsuloto ndi mipata yonse ndi tepi yakuda ya amagetsi, kapena kumanga kamera ndi kamlegeni, ngakhale kuti imaoneka ngati yavulala.

Khomo lachiwiri ndi kazenera kofiira kakumbuyo komwe mumawerengera manambala. Nzeru ya kazenera kofiira inachokera nthawi yakale pomwe mafilimu sankamva kuwala kofiira. Filimu ya 120 yomweyi ndi yakale kwambiri, Kodak inaitulutsa mu 1901. Mafilimu a masiku ano amamva mitundu yonse, ndipo chowateteza ndi pepala lokhalo lomwe lili kumsana kwake. Mukasiya kazeneraka kakuyang'ana dzuwa, kuwala kumapeza njira. Matanipo kachidutswa ka tepi kokhala ngati chitseko, muzikatsegula pokhapokha mukamapukusa filimu, mutafulatira dzuwa.

Khomo lachitatu ndi lomwe ambiri saliganizira, ndipo ngati malawi anu ali m'mbali mwa zithunzi zomalizira, ndilo lakulakwirani. Holga simakoka filimu mwamphamvu, choncho nthawi zina imakulunga molobodoka, mpukutu n'kutuluka wonenepa, pepala litapitirira m'mphepete mwa kandodo kokulungira. Mukangotsegula kamera, kuwala kumalowa m'mbali mwa mpukutuwo. Makamera atsopano ali ndi kasiponji kothandiza kukoka, koma pa kamera yogula pa msika wa zinthu zakale n'kutheka kuti kanatha kapena kanagwa. Dulani kachidutswa ka katoni ya filimu yomweyo, mukapinde kawiri, mukalowetse pansi pa mpukutu watsopano kuti uzizungulira movutikira pang'ono. Poika ndi potulutsa filimu muzikhala pamthunzi kapena m'nyumba, ndipo mpukutu wotha muziumata msanga ndi kapepala kake, n'kuukulunga m'pepala la siliva kapena kuuika m'kathumba kakuda. Ndivomereze kuti pali anthu amene amakonda malawi amenewa ndipo amawasiya dala. Ine maganizo anga ndi akuti muyambe mwatseka zonse kuti mudziwe chomwe kamera yanu imachita ikakhala yotsekeka, kenako mudzasankhe nokha poti mumatule.

Za anthu awiri osanjikizana sindichedwapo. Kamerayi imalola kudina kangapo pamalo amodzi chifukwa chodinira sichilumikizana ndi chopukusira. Khalani ndi chizolowezi chimodzi chosasintha, chopukusa filimu mukangojambula. Onaninso kuti kafelemu komwe kali mkati kakugwirizana ndi muvi wa pa kazenera kofiira: kafelemu ka mbali zinayi zofanana, ka masentimita 6 mbali zonse, kamapereka zithunzi 12, pamene kocheperako kamapereka 16, ndipo mukasokoneza ziwirizi zithunzi zimalumana m'mbali kapena kutalikirana mowononga filimu.

Makona akuda ndiwo khalidwe lobadwa nalo lija. Galasi la kachidutswa kamodzi silitha kufalitsa kuwala mofanana pa negetivu yaikulu chotere, choncho pakati pamawala ndi kuoneka bwino, ndipo kupita m'mphepete zinthu zimafewa ndi kuda. Tayang'ananinso chithunzi cha mnzanu uja. Ndikukhulupirira kuti waima pakati kapena pafupi ndi pakati, kumbuyo kwake kuli nyanja ndi thambo zopanda zambiri, ndipo mdima wa m'makona ukukankhira diso kwa iyeyo. Kamerayi imakonda chinthu chimodzi chachikulu choikidwa pakati, monga munthu, mtengo, bwato kapena khomo la nyumba, ndipo imadana ndi chithunzi chodzaza tinthu ting'onoting'ono ta kutali. Kazenera kosuzumira kamaonetsa zochepa poyerekeza ndi zomwe galasi likujambula, motero ambiri amadabwa kuti munthu watuluka wamng'ono. Muziyandikira phazi limodzi kuposa pomwe diso likukuuzani, bola musalowe mkati mwa mita imodzi ija.

Popeza kamera siisintha, chosintha ndi filimu komanso nthawi yojambulira. Nambala ya ISO yomwe ili pa katoni imanena mmene filimu imamvera kuwala. Ya 100 imafuna dzuwa lenileni, pamene ya 400 imamva kuwala kuwirikiza kanayi ndipo imagwira ntchito ngakhale kuli mitambo kapena pamthunzi wowala. Kwa woyamba ndimalangiza ya 400 nthawi zonse, chifukwa filimu ya negetivu imapirira kuwala kochuluka kuposa kuwala kopelewera: ikalandira kochuluka chithunzi chimatulukabe, koma ikamanidwa, m'mithunzi mumangokhala matope. Mwa yakuda ndi yoyera pali Ilford HP5 Plus, Kodak Tri-X, ndi zotsikirapo mtengo monga Kentmere 400 ndi Fomapan 400. Mwa ya kalala pali Kodak Portra 400, yomwe ndi yabwino pa khungu koma yodula, ndi Kodak Gold 200 yomwe imafuna tsiku lowala. Ngati malo omwe mumatsukitsa amangotsuka ya kalala, ilipo Ilford XP2 Super, yomwe imatulutsa zakuda ndi zoyera koma imatsukidwa ndi mankhwala a kalala otchedwa C-41. Filimu yomwe inadutsa tsiku lake muisiye kaye ngakhale ikhale yotchipa, chifukwa imafuna kuwala koonjezera komwe kamera yanu singathe kupereka, ndiponso zikalakwika simudzadziwa ngati wolakwa ndi inu, kamera kapena filimu.

Pali mfundo ina yokhudza khungu lathu yomwe timabuku ta makamerawa sitinena. Nkhope yakuda ikakhala pamthunzi, kumbuyo kuli thambo lowala kapena khoma loyera, imafuna kuwala kokwanira kuti maso ndi makwinya zioneke, ndipo kamera yopanda chosinthira singakuthandizeni. Muyenera kusuntha munthuyo, osati batani. Dzuwa la pamutu limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, choncho nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, kapena chakumadzulo lisanafiire, kuwala kukumenya nkhope chammbali.

Za ulendo wa mu Disembala, yankho langa ndi lakuti pitani nayo, koma musapite nayo musanaiyese kachiwiri. Gulani filimu imodzi ya 400, matani zonse zomwe ndanenazi, ndipo muijambule ngati mayeso, mukulemba m'kabuku nambala ya chithunzi, nthawi, mmene kunja kunalili ndi kachithunzi ka mtunda komwe munasankha. Jambulani munthu mmodzi padzuwa, pamthunzi, pakhonde ndi pafupi ndi zenera, pa mita imodzi ndi pa mamita awiri. Mukadzayerekeza manegetivu ndi kabukuko, mudzaphunzira zambiri kuposa zomwe ndingalembe pano, chifukwa Holga iliyonse ili ndi kakhalidwe kakekake, ndipo ziwiri zotuluka m'fakitale imodzi sizilowetsa kuwala malo ofanana.

Filimu yonse ya ulendowo mugulire komwe muliko, musayembekezere kukaipeza m'sitolo za kumudzi. Ngati mukuyenda pa ndege, musaike filimu m'sutikesi yopita kunsi, chifukwa makina ounikira katundu wa kumeneko ndi amphamvu ndipo amasiya mizere ndi chifunga pa filimu. Muinyamule m'manja, m'kapulasitiki koonekera mkati, ndipo mupemphe mwaulemu kuti aiyang'ane pamanja, makamaka pa mabwalo omwe ali ndi makina atsopano ounikira katundu otchedwa CT, omwe amatha kuiononga ulendo umodzi wokha. Ngati mukuyenda pa basi, mdani wanu ndi kutentha, choncho isakhale pafupi ndi zenera kapena m'chikwama chomwe chili padzuwa. Kunyumba filimu imasungika bwino m'firiji, koma mukaitulutsa muidikire ola limodzi kapena awiri isanatsegulidwe, kuti isachite thukuta. Ku Dedza mukafika nthawi ya dzinja, mvula ndi mitambo zili pafupipafupi, ndipo chinyezi chimafewetsa pepala la kumsana kwa filimu mpaka manambala ake kudindika pa zithunzi. Musasiye mpukutu m'kamera kwa sabata zambiri, ndipo yojambulidwa kale muisunge m'kachitini kotseka bwino mpaka mutabwerera kukatsukitsa.

Agogowo musawajambulire m'nyumba pa N, simudzapeza kanthu. Akhazikeni pamkeka m'mphepete mwa khonde, pomwe mthunzi ukukumana ndi kuwala, nkhope ikuyang'ana pabwalo, inu n'kukhala pansi molingana nawo pa mtunda wa mita imodzi ndi theka, galasi mutaliika pakati pa munthu mmodzi ndi anthu atatu. Jambulani katatu kapena kanayi, osaumira filimu pa chithunzi chomwe mwayendera ulendo wonsewo. Ngati mukufunadi cham'nyumba, apa ndi pamene B ija imagwira ntchito: ikani kamera pa mtondo wovundikira kapena pa tebulo losagwedera, agogo akhale pafupi ndi khomo lotsegula, muwapemphe asasunthe, ndipo mupanikize chodinira kwa sekondi imodzi, kenako mujambulenso china cha masekondi awiri. Konzekerani kuti ana adzakuunjikirani n'kumati tione, tione, ndipo adzakhumudwa poona kuti kumbuyo kwa kamera kuli tepi yakuda basi. Agogo okha ndiwo sadzadabwa, chifukwa anakulira m'nthawi yodikira zithunzi, koma adzayembekezera kuti chithunzicho chibwere papepala, ndiye lonjezolo mudzalisunge. Ndipo chonde muwajambulenso ndi foni. Pa munthu wokalamba amene mumamuona kamodzi pachaka, si nzeru kudalira kamera ya kasipuling'i yokha.

Nkhawa yanu ya ndalama ndi yoona, ndipo sindikunamizani: pakangotha mipukutu yowerengeka, ndalama za filimu ndi kutsukitsa zimaposa mtengo wa kamera. Pali njira zochepetsera. Kafelemu ka zithunzi 16 kamaonjezera zinayi pa mpukutu uliwonse, ngakhale kamadula mbali ina ya makona akuda aja. Mungathenso kupempha kuti angokutsukirani osasindikiza, inu n'kuika negetivu patsogolo pa sikirini yoyera, kuijambula ndi foni n'kuitembenuza mitundu, kuti musindikize zokhazo zomwe zakukomerani. Ena amasamukira ku timakamera ta pulasitiki ta 35mm, monga Kodak Ektar H35 yomwe imagawa chithunzi pawiri n'kupereka 72 pa filimu ya 36, koma negetivu yake ndi yaing'ono ndipo maonekedwe ake si omwe munakonda pakhoma la mnzanu.

Njira yomwe imachepetsa ndalama kwambiri ndi kutsuka nokha filimu yakuda ndi yoyera, ndipo sipafunika chipinda chamdima ayi. Pamafunika thumba lakuda lolowetsamo manja, kathanki kosalowa kuwala, choyezera kutentha, ndi mankhwala awiri akuluakulu, divelopa wotulutsa chithunzi ndi fikisa wochikhazikitsa. Mpukutu umodzi wa 120 umafuna pafupifupi theka la lita, ndipo nthawi zolembedwa pa botolo zimawerengedwa pa madigiri 20, kotero m'nyengo yotentha madzi a pampopi amafunika kuziziritsa ndi ayisi. Chovuta kwambiri ndi kulowetsa filimu pa gudumu lake manja ali m'thumba, osaona, thukuta likunyowetsa zala, ndipo pa chimenechi ndi bwino kuti wina amene anazolowera akuonetseni kaye masana ndi filimu yotha ntchito. Ya kalala imafuna madigiri pafupifupi 38 osasinthasintha, choncho imeneyo muziwasiyira a labu. Mankhwalawa muziwagwira mutavala magolovesi, pamalo popita mphepo, ndipo musawasunge m'botolo la chakumwa pomwe ana angafikire. Fikisa wogwiritsidwa kale ntchito amakhala ndi siliva, sayenera kutayidwa m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, ndipo malabu ena amalandira. Khungu likayamba kuyabwa kapena kutuluka tizilonda mutagwira mankhwalawa, siyani ndipo mukaonane ndi achipatala, chifukwa pali anthu omwe thupi lawo silimvana ndi divelopa.

Pomaliza, nayi njira yodziwira ngati kamerayo ikufunikadi wokonza. Ikakhala yopanda filimu, chotsani chivundikiro chakumbuyo, lozetsani galasi kuzenera, ndipo muyang'anire mkati mukudina kakhumi pa N. Nthawi iliyonse muyenera kuona kuwala kukuphethira kamodzi mwachangu. Kenako sunthani pa B muone ngati kabowo kakukhala kotsegula mpaka mutachotsa chala. Ngati kachitseko kakukakamira, kakutseguka mwa apo ndi apo, kapena kakukhala kotsegula pa N, ndiye kuti kasipuling'i kachoka m'malo kapena kachita dzimbiri. Musathiremo mafuta a makina osokera, amangokoka fumbi n'kumata zonse. Wokonza makamera kapena mawotchi angathe kukabwezeretsa, popeza mbali ya kutsogoloyo imagwidwa ndi timasikuluwu towerengeka, koma mufunse mtengo asanatsegule, ndipo ukayandikira mtengo wa kamera ina, gulani ina n'kusunga yakaleyo kuti muzichotsako zipangizo. Ngati kachitseko kali bwino koma mpukutu wa mayeso uja watulukabe ndi malawi pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse ngakhale munamata, yang'anani mng'alu pa thupi la kamera mwa kuika tochi mkati muli m'chipinda chamdima, ndipo mukalephera kuupeza, tengani kamera pamodzi ndi manegetivu kwa amene amatsuka filimu pamanja, osati kwa wongolandira ndalama pa kauntala. Mukatulutsa mpukutu wotha, kandodo kopanda kanthu komwe katsala kumanzere musakataye, mukasamutsire kumanja, chifukwa ndi komwe kadzakulunge filimu yotsatira, ndipo kumudzi kulibe komwe mungakapeze kena.